Mlendo akagogoda pa khomo la SADC, afunsidwe ndani?

Pamene atsogoleri a mayiko a kummwera kwa Africa adasonkhana mumzinda wa Lilongwe m'mwezi wa Ogasiti 2013, ndiponso pamene adabweranso m'mwezi womwewo m'chaka cha 2021, ife a kuno kwa Chitukula, amene bwalo la ndege la Kamuzu lili pakhomo pathu, tidaona ndege zawo zikutsika ndi magalimoto awo akuda akuthamanga pa msewu wa ku Lumbadzi, ndipo tidapatuka ndi njinga zathu kufikira mdipiti wonse utatha. Koma mawu amene akuluakuluwo adakapangana atatseka zitseko, ndi ochepa mwa ife amene adawamva, ndipo ochepetsetsa ndiwo adafunsa. Sindinena ichi monyoza anthu akwathu, pakuti munthu amene mtima wake uli pa mtengo wa feteleza ndi pa mabelo ake a fodya ogonera ku Kanengo sangadzudzulidwe chifukwa chosalabadira mapangano a mafumu a kutali. Komatu mwa zonse zimene atsogoleri amagamula pa misonkhano yotere chilipo chimodzi chimene chimamanga ife, ana athu ndi zidzukulu zathu, ndicho kulandira dziko latsopano m'bungwe la SADC. Ndipo ine ndikuti chinthu chimenechi nchachikulu koposa, sichiyenera kusiyidwa m'manja mwa munthu mmodzi, angakhale munthuyo akhale wanzeru ngati Solomo.

Lamulo lake lili motere. Pangano limene lidabala SADC lidasainidwa ku Windhoek, m'dziko la Namibia, pa 17 Ogasiti 1992, ndipo ndime 8 ya panganolo ndiyo isunga makiyi a khomo. Dziko lofuna kulowa lipereka pempho lake. Nduna za mayiko onse ziunika pempholo, zituma nthumwi kukaona ndi maso mmene dzikolo likhalira, nizitengera maganizo awo kwa atsogoleri. Ndipo atsogoleri, pa msonkhano wawo wa chaka ndi chaka, ndiwo anena mawu otsiriza. Mawu otsirizawo sayendera kuchuluka kwa manja okwezedwa monga zichitikira m'Nyumba ya Malamulo. Onse ayenera kuvomera, ndipo mmodzi yekha akati ayi, khomo likhala chitsekere. Wolowayonso saloledwa kusankha ndime zom'komera ndi kulumpha zom'wawa. Alandira pangano lonse monga liliri. Tanthauzo lake nlakuti pa tsiku limenelo Malawi, ndi umphawi wake wonse, alemera chimodzimodzi ndi South Africa, ndipo inde wa Pulezidenti wathu ali ndi mphamvu yotsegula kapena kutseka khomo la chigawo chonse.

Makolo athu ankadziwa kulemera kwa nkhani yotere, angakhale sadaone Gaborone kumene kuli likulu la bungweli. Munthu akadza pa mudzi kudzapempha malo, sankangolunjika kwa nyakwawa ndi nkhuku m'khwapa nkulandira munda tsiku lomwelo, iyayi. Ankayamba wapeza mbadwa ya pamudzipo yom'dziwa yoti imuimire ngati nkhoswe, ndipo nyakwawa, itamva pempho, inkaitana eni mbumba ndi akuluakulu a m'mabanja nkuwafunsa, inkatumanso mthenga kumene munthuyo achokera kukamva chimene chidam'samutsa, kaya ndi kuchepa kwa minda, kaya ndi milandu, kaya ndi pakamwa. Ndipo kufikira lero mafumu ambiri salandira wosamuka wopanda kalata ya mfumu yake yakale. Sadali kuchita izi chifukwa cha kuuma mtima, pakuti Achewa sadziwika ndi kupirikitsa alendo. Ankadziwa kuti wodutsa ndi wokhala ngosiyana. Mlendo ndi mame, nzoona, koma wopatsidwa malo saumanso dzuwa likatuluka: maliro ake adzakhala maliro a mudzi, adzukulu a pamudzi ndiwo adzakumba manda ake, ndipo adani amene adawasiya m'mbuyo adzam'londola kufikira pa bwalo lanu. Nyakwawa imene inkalandira munthu mwa iyo yokha, osafunsa iwo amene adzasenze mtembo, inkaimbidwa mlandu ndi anthu ake omwe.

SADC idayamba ndi dzina lina, SADCC, ku Lusaka pa 1 Epulo 1980, ndi mayiko asanu ndi anayi: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland imene lero itchedwa Eswatini, Tanzania, Zambia, ndi Zimbabwe imene pa tsikulo idali isadakweze mbendera yake, popeza ufulu wake udadza pa 18 mwezi womwewo. Namibia idalowa mu 1990 itangomasuka, South Africa mu 1994 Nelson Mandela atasankhidwa, Mauritius mu 1995, ndipo pa awa padalibe zokangana zambiri.

Koma tisadayambe kuyesa alendo, tiyeni tidziyese tokha, pakuti dziko loyamba kulowa pa khomoli ndi chovala chokayikitsa ndi lathu lomwe lino. Cholinga cha SADCC chidali chakuti mayiko a kuno aleke kudalira South Africa wa tsankho pa njanji, pa madoko ndi pa malonda; pamene Malawi wa Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda adali atapalana ubale wa akazembe ndi Pretoria kuyambira 1967, anzake onse akukana, adalandira mtsogoleri wa boma la Pretorialo, John Vorster, kuno mu 1970, Kamuzu mwini wake nakacheza kumeneko mu 1971, ndipo likulu ili la Lilongwe, limene lidameza minda ya midzi ina ya makolo athu, lidayamba kumangidwa ndi ngongole yochokera ku boma la Pretoria lomwelo, uku amuna a m'midzi yathu akupita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndi Theba. Julius Nyerere, Kenneth Kaunda, Samora Machel ndi Seretse Khama ankazidziwa zonsezi. Kamuzu sadapite nkomwe ku Lusaka, adangotuma nduna. Komabe iwo adatilandira, natipatsa udindo woyang'anira nkhani za nsomba, nkhalango ndi nyama zakutchire m'chigawo chonse. Chikhala kuti tsiku limenelo padali muyeso wonga umene ulipo lero, wofunsa za zisankho ndi ufulu wa anthu, Malawi wa chipani chimodzi akadabwerera pakhomo, ndipo ena mwa om'yesawo akadabwerera naye limodzi.

Ndipo kutilandirako kudabala zipatso. M'mwezi wa Sepitembala 1986, pamene Mozambique idali kutiimba mlandu wosunga zigawenga za Renamo, Machel, Kaunda ndi Robert Mugabe adadza ku Blantyre kudzalankhula ndi Kamuzu maso ndi maso, ndi mawu aukali ndithu. Ndipo angakhale Machel adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini mwezi wotsatira, sipadapite nthawi yaitali asilikali a Malawi adayamba kulondera njanji ya Nacala mogwirizana ndi boma la Maputo, dziko lathu nilisunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Amene ali mkati amadzudzulika ngati mbale, ndipo amamva manyazi a mbale. Amene ali kunja mungom'nenera kumbali. Chifukwa chake sindili mwa iwo amene amati khomo likhomedwe ndi misomali, pakuti akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife amene tidachitiridwa chifundo sitiyenera kukhala oyamba kuchimana anzathu.

Chondisowetsa mtendere ndi msonkhano wina, umene udachitikira pa nthaka yathu yomwe ino. Pa 8 Sepitembala 1997 atsogoleri a SADC adakumana ku Blantyre, Bakili Muluzi ali mwini nyumba, Mandela ali pa mpando, ndipo adalandira mayiko awiri pa tsiku limodzi: Seychelles, tizilumba ta pakati pa nyanja ya mchere ta anthu osafika 100,000 pa nthawiyo, ndi Democratic Republic of Congo, dziko lalikulu kuposa ena onse a m'bungwemo, lochita malire ndi mayiko asanu ndi anayi. Laurent-Désiré Kabila adali atangolowa mu Kinshasa ndi mfuti m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, mothandizidwa ndi Rwanda ndi Uganda. Adali asadasankhidwe ndi munthu aliyense, adali ataletsa zochita za zipani, ndipo Mobutu Sese Seko, amene iye adam'pirikitsa, adali atamwalira ku Rabat dzulo lake lomwelo. Zifukwa zom'landirira zidalipo, ndipo sizidali zopusa: migodi ya Katanga idalumikizana kale ndi njanji za Zambia ndi za kummwera, mathithi a Inga pa mtsinje wa Congo angathe kuunikira chigawo chonse, ndipo ena ankayembekeza kuti Kabila akakhala pakati pa anzake adzaphunzira mayendedwe abwino. Koma miyezi inayi siikwanira kudziwa mtima wa boma lobadwa ndi mfuti. Ndipo chaka chisadathe, m'mwezi wa Ogasiti 1998, nkhondo yachiwiri idabuka, Zimbabwe, Angola ndi Namibia nizitumiza asilikali kukatchinjiriza membala watsopanoyo, South Africa niikonda njira ya zokambirana, bungwe nilitsala pang'ono kung'ambika pakati.

Owerenga Buku Lopatulika akumbukira anthu a ku Gibeoni, amene adadza kwa Yoswa ndi nsapato zakutha ndi mkate wochita nkhungu, nanena kuti achokera kutali. Ndipo akalonga a Israele, atayang'ana kamba wawo, adalumbira nawo pangano osayamba afunsa Mulungu wawo. Sindikuti a ku Congo adatinyenga, pakuti mabala awo adali poyera, ndipo amene sadawaone adatsinzina dala. Chondikumbutsa nkhaniyi ndi zimene zidatsata: khamu lidang'ung'udzira akalonga, koma lidang'ung'udza mochedwa, popeza lumbiro silibwezedwa, ndipo mafumu asanu atazinga Gibeoni, Yoswa adayenda usiku wonse kuchokera ku Giligala ndi ankhondo ake kukamenya nkhondo imene dzana sidali yake.

Nafenso tayenda usiku umenewo. Mu 2003, ku Dar es Salaam, mayiko a SADC adasainirana pangano lotetezana pa nkhondo. Kuyambira 2013 asilikali a Malawi, pamodzi ndi a South Africa ndi Tanzania, adalowa m'gulu lapadera lomenyana ndi zigawenga kum'mawa kwa Congo pansi pa mbendera ya United Nations. Ndipo m'mwezi wa Novembala 2018, kufupi ndi Beni, Amalawi asanu ndi mmodzi adaphedwa pa nkhondo imodzi, mmodzi wa iwo ndiye Chancy Chitete, amene adafa populumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania, nalemekezedwa ndi United Nations ndi mendulo yapamwamba chaka chotsatira, iye ali m'manda. M'mwezi wa Disembala 2023 SADC idatumizanso gulu lakelake, la mayiko atatu omwewo. M'mwezi wa Januwale 2025, pamene zigawenga za M23 zidalanda mzinda wa Goma, ana athu ena adafanso. Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adalamula kuti akonzekere kubwerera, ndipo m'mwezi wa Malichi SADC idathetsa ntchito yonseyo nkhondo ili chilili. Asilikali amenewa sachokera m'nyumba za akazembe. Achokera m'midzi yonga Nsaru, Nambuma ndi Mpingu, kumene mnyamata akakhoza Fomu 4 nalembedwa usilikali, banja lonse limati Mulungu watikumbukira.

Wina adzati: moto wa ku Congo ukadatifikabe angakhale Congo akadakhala kunja, taonani Dzaleka ku Dowa kuno, kumene ambiri mwa othawa nkhondo oposa 50,000 ndi a ku Congo, ndipo mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ndivomera ndi mtima wonse, ndipo mwina aphungu athu, akadafunsidwa mu 1997, akadati inde mokweza. Mlandu wanga uli pakuti pangano la Windhoek siliwatchula nkomwe aphungu pa nkhani imeneyi. Walira mvula walira matope. Koma pano adalira mvula ndi ena, oponda matope ndi ena. Chodabwitsa nchakuti msonkhano womwewo wa ku Blantyre ndiwo udavomereza bwalo la aphungu a mayiko a SADC, limene likhala ku Windhoek, koma udalipatsa pakamwa popanda mano. Ndipo pamene msonkhano wa ku Lilongwe mu 2021 udavomera kuti bwalolo lisanduke Nyumba ya Malamulo ya chigawo, udaneneratu kuti idzakhala yokambirana ndi kulangiza chabe.

Kunena zoona, atsogoleri adaphunzirapo kanthu. Patapita zaka adaika muyeso woyesera opempha: dzikolo likhale loyandikana ndi chigawo chino, likhale lofanana ndi anzake pa kayendetsedwe ka ndale ndi chuma, lilemekeze demokalase, ufulu wa anthu ndi malamulo, likhale lopanda mbiri yosokoneza anansi kapena kusirira nthaka yawo, ndipo lithe kusenza gawo lake la ndalama zoyendetsera bungwe. Za ndalamazi Seychelles ndiye mboni, pakuti adatuluka mu 2004 poona kuti zopereka zam'lemera kuposa phindu, nabwereranso mu 2008. Pangano lilola kutuluka ngati dziko lapereka chidziwitso cha miyezi 12. Madagascar adaikidwa pa chaka choyesedwa mu 2004, nalandiridwa mu 2005. Koma mu 2009, Andry Rajoelina atalanda mpando wa Marc Ravalomanana mothandizidwa ndi asilikali, adaimitsidwa kufikira 2014. Rajoelina yemweyo adadzakhala wapampando wa SADC m'mwezi wa Ogasiti 2025 ku Antananarivo, ndipo isadathe miyezi itatu asilikali adam'chotsa iyenso. Amene afuna kuseka aseke, koma muli chisoni mmenemo. Comoros adalandiridwa mu 2017 ku Pretoria, nakhala membala wa nambala 16. Burundi adagogoda nthawi yomweyo, ali ndi mabala a chipolowe cha 2015 pamene Pierre Nkurunziza adaumirira kulamulira kachitatu, ndipo msonkhano wa ku Dar es Salaam mu 2019 udam'uza kuti wakwaniritsa zina, zina ayi. Apa khomo lidagwira ntchito yake, ndipo nkoyenera kuyamikira.

Komabe muyeso umene uyesa alendo okha nusiya eni nyumba suchedwa kupeputsidwa. Ku Eswatini zipani zidaletsedwa mu 1973, ndipo mfumu ilamulira mopanda woiletsa kufikira lero. Koma mpando wake pa msonkhano sudagwedezekepo, popeza idalowa pa tsiku loyamba. Nthumwi za Burundi zikayang'ana mozungulira tebulo zili ndi chifukwa chofunsa kuti nanga awa adakhoza liti mayeso amene ife talephera. Bungwe limene lifuna kuti opempha aliope liyambe laonetsa kuti muyeso wake ukhalabe wamoyo munthu atalowa.

Mabungwe ena ali ndi makomo osiyana. African Union ilandira membala mwa kuchuluka kwa ovomera, ndipo ndi mmene Morocco, amene adatuluka m'bungwe lakale la mayiko a mu Africa mu 1984 chifukwa cha mkangano wa Western Sahara, adabwererera mu 2017, mayiko ena a kuno kummwera akunyinyirika. Anzathu a East African Community atsegula khomo lawo kwambiri, nalandira South Sudan mu 2016, Congo yemweyo mu 2022 ndi Somalia pambuyo pake, ndipo madandaulo a ndalama za umembala zosaperekedwa sakutha ku likulu lawo ku Arusha. Ku bungwe la mayiko a ku Ulaya ndiko khomo lili lopapatiza: muyeso wawo adaulemba ku Copenhagen mu 1993, Turkey adapempha mu 1987 ndipo akadali pabwalo, ndipo Britain yemwe, amene adatilamulira, adakanidwa kawiri ndi Charles de Gaulle wa France, mu 1963 ndi mu 1967. Sindisirira zonse za ku Ulaya, pakuti kudikiritsa mnzako zaka makumi atatu ndi mphambu nkunyoza. Koma chimodzi ndichisirira, ndicho chakuti kumeneko dziko latsopano sililowa kufikira dziko lililonse la mkati litavomereza panganolo kwawo, kudzera m'Nyumba ya Malamulo yake. Mu 1972 France adachita kufunsa anthu ake pa referendamu ngati Britain ndi anzake alowe.

Palinso funso la malonda, ndipo apa ndipo mlimi wa kwa Kabudula ali ndi gawo loonekeratu. Msewu wochoka ku Lilongwe kudzera pa Mpingu ndi Namitete kukafika pa chipata cha Mchinji ndiwo mtsempha umene mtedza wathu, soya ndi nyemba ziyendera kunka kunja, ndipo amayi a geni yodumpha malire amadziwa kuti dongosolo la amalonda ang'onoang'ono la bungwe la zamalonda la COMESA limawapeputsira podutsa ndi katundu wawo. SADC idatsegula msika wake wopanda msonkho mu 2008. Koma Congo, patapita zaka zoposa 20 chilowereni m'bungwe, adali asadalowebe mumsikawo. Membala wotere walandira asilikali athu, koma mtedza wathu sadaulandire pa mapangano a SADC. Ndipo pamene adalowanso ku East African Community, asilikali a kumeneko atapita ku Goma mu 2022 nalephera kum'kondweretsa Pulezidenti Félix Tshisekedi, iye adawauza kuti azipita, natembenukira kwa ife. Mapanga awiri avumbwitsa, adatero akulu, ndipo pano ovumbwa adali eni phanga lachiwirilo. Ndinena ichi motsitsa mawu, podziwa kuti nafenso tili m'mapanga awiri, SADC ndi COMESA, imene idakhazikitsidwa mu Lilongwe momwe muno m'mwezi wa Disembala 1994, Bingu wa Mutharika ali mlembi wake wamkulu. Tanzania adasankha kutuluka mu COMESA mu 2000, ife tidakhalabe. Koma chifukwa tidziwa kuvuta kwake, tiyenera kufunsa wopempha aliyense kuti ali m'mabungwe angati, ndipo pa tsiku la mkangano adzamvera liti.

Ngati ulipo mtundu wa anthu woyenera kuchita nthumanzi ndi mgwirizano wopangidwa pamwamba pa mitu ya anthu, ndife. Mu 1953 Nyasaland adalowetsedwa m'Chitaganya pamodzi ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, eni dziko akukana poyera. Mafumu athu adapita ku London kukadandaula, nabwerako osaonana ndi Mfumukazi. Inkosi Gomani Philip adachotsedwa pa mpando chifukwa chokana. Mwazi udakhetsedwa ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, ndipo Chitaganya sichidathe kufikira pa 31 Disembala 1963. Atsamunda ankati mgwirizanowo udzabweretsa misewu, zipatala ndi ntchito, ndipo zina mwa izo zidabweradi. Koma makolo athu adayankha kuti chabwino chimene munthu sadafunsidwe chisanduka goli. SADC si Chitaganya, tidalowamo ndi miyendo yathu, ndipo ndi yathu. Chifukwa cha chomwecho siyenera kutengera khalidwe la Chitaganya lakuti akuluakulu apangane okha, anthu adzamve pa wailesi.

Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 12, amati mphamvu zonse za olamulira zichokera kwa anthu, ndipo olamulirawo azigwira ngati osungira eni ake. Gawo 89 lipatsa Pulezidenti mphamvu yokambirana ndi kusaina mapangano ndi mayiko ena, ndipo gawo 211 liti pangano lotere lisanduka lamulo la dziko lino ngati Nyumba ya Malamulo yatero. Pakati pa magawo amenewa pali mpata, pakuti kulandira membala watsopano si pangano latsopano loti lidzere kwa aphungu. Ndi dzanja lokwezedwa m'chipinda, koma likulitsa mapangano onse akale, la chitetezo ndi la malonda omwe, kuti afike kumene sadali kufika. A ku South Africa adaona kale ngozi ya dzanja lotere. Atsogoleri a SADC adapha khoti la chigawo la ku Windhoek, limene mu 2008 lidagamula mokomera mlimi Mike Campbell ndi anzake pa mlandu wawo ndi boma la Zimbabwe. Ndipo m'mwezi wa Disembala 2018 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko ku South Africa lidagamula kuti Pulezidenti Jacob Zuma adalakwira malamulo potenga nawo mbali m'chiwembu chimenecho. Mtsogoleri akapita ku msonkhano wa anzake, malamulo a kwawo amapita naye.

Chimene ndipempha sichifuna kusintha pangano la Windhoek, sichifunanso chilolezo cha dziko lina lililonse. Pempho la dziko lofuna kulowa likangofika ku Capital Hill, nduna yoona za ubale ndi mayiko ena ilitule m'Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi lipoti la nthumwi zimene zidakayendera dzikolo. Komiti ya aphungu yoona za ubale ndi mayiko ena iitane akuluakulu a asilikali, a zachuma, ndi mabungwe a alimi onga NASFAM, TAMA ndi Farmers Union of Malawi. Ndipo mfundo zake ziulutsidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina, kuti Gogo Chalo ndi nyakwawa zawo adziwe chimene chikunenedwa m'dzina la anthu awo. Njira yake ilipo kale, pakuti pamene pangano lidakonzedwanso ku Blantyre mu 2001 lidalamula kuti dziko lililonse likhale ndi komiti yake ya SADC, momwe mukhale boma, amalonda, ogwira ntchito ndi mabungwe a anthu wamba. Changotsala nkuidzutsa komitiyo ndi kuipatsa nkhani yeniyeni yoti itafune.

Akazembe adzati nkhani za pakati pa mayiko zifuna chinsinsi, ndipo kukambirana zolakwa za mnansi poyera nkumuvula. Muli nzeru mmenemo, ndipo aphungu athu, amene nthawi zina asandutsa Nyumba yolemekezekayo bwalo la zitonzo, ayenera kuphunzira kudziletsa. Zina zingakambidwe komiti itatseka chitseko, monga zichitikira pa nkhani za chitetezo. Koma safunsa adadya phula, ndipo mafunso ofunika sachititsa manyazi mnansi woona mtima. Kodi dzikolo lili pa nkhondo ndi yani, ndipo likaitana tidzatuma ana angati, pa ndalama za yani? Kodi lidzatsegula liti msika wake ku mbewu zathu, ndipo lalonjeza zimenezo pa pepala? Kodi anthu athu opita kumeneko kukagwira ntchito adzatetezedwa, kapena tidzatumanso mabasi kukawatenga monga tidachitira ku Durban mu 2015, m'dziko limene ndi membala mnzathu? Nduna ikalephera kuyankha mafunso amenewa pamaso pa aphungu, Pulezidenti apite ku msonkhano ndi mawu akuti wopemphayo adikire chaka china choyesedwa, monga adadikirira Madagascar. Ndime 8 im'patsa mphamvu imeneyo, ndipo atsogoleri anzake khumi ndi asanu sangalandire dziko lililonse iye asadavomere.